Ndinapatsidwa kwa Madala a Mafiriji

Ine ndine mmisiri wa mafiriji, ndipo ndikanena zimenezi anthu ambiri amayamba ayang'ana kaye manja anga kuti aone ngati ndikunena zoona. Ntchitoyi ndinaiphunzira kusukulu ya ntchito zamanja. Koma kuti ndifike poigwira pamaso pa anthu mtima uli m'malo, anachita kunditenga ndi bambo wina wa ku Chilomoni, amene kuntchito tonse tinkangowatchula kuti madala.

Ndinakulira ku Zingwangwa, m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika. Mayi anga ankagulitsa mafirizesi, ndiye firiji yathu yakale ndiyo inkatidyetsa. Ikangofa, pakhomo pankakhala ngati pagwa maliro. Amisiri akabwera kudzaikonza ndinkakhala chapafupi n'kumaonerera, moti nditamaliza sekondale sindinavutike kusankha chochita. M'kalasi lathu lonse kusukulu ya ntchito ija mtsikana ndinali ndekha.

Nditamaliza maphunziro ndinalembedwa ntchito pakampani ina ya mumzinda momwemuno, yoika ndi kukonza mafiriji akuluakulu m'mashopu, m'mabutchala ndi m'zipatala. Kampaniyo inali ndi dongosolo lake. Munthu wobwera kumene sankangomuponya m'gulu kuti adzionere yekha. Ankamupereka m'manja mwa mmisiri mmodzi wakale kuti aziyenda naye kulikonse, ndipo Lachisanu lililonse masana awiriwo ankaloledwa kusiya zida n'kukhala pansi kukambirana. Mmisiri wakaleyo ndiye ankadzauza mabwana kuti munthu wake wakhwima, akhoza kutumidwa yekha.

Tsiku loyamba amanijala anatiimika atsopanofe pakati pa wekishopu n'kuyamba kutigawa. Atafika pa ine anati, "Inu mayi muziyenda ndi madala."

Amisiri enawo anayang'anizana, wina n'kuseka chamumtima koma mapewa akumuulula. Amanijala atachoka, yemweyo anabwera kudzandinong'oneza.

"Sisi, mwagwa nayo. Madala aja salankhula. Mudzakalamba mukunyamula bokosi la zida."

Madalawo anali munthu wamtali, woonda, wa imvi m'ndevu, ovolosi yawo yoyera m'maondo chifukwa chochapidwa kawirikawiri. Anandiyang'ana kuchokera kumutu, maso awo n'kukaima pansapato zanga zapulasitiki.

"Ndi zimenezo mukufuna muzikwera nazo padenga?"

"Ndilibe zina, bambo."

Madala anatembenuka. Analowa m'chipinda chosungiramo katundu, ndinawamva akukangana ndi wosunga makiyi, kenaka anatuluka ndi majombo atsopano.

"Ang'ono kuposa awa kulibe. Muzipinda nyuzipepala n'kuika kutsogoloku."

Za bokosi zija mnzanga uja ananama. Madala ankanyamula okha bokosi lawo, ine n'kunyamula langa. Za kusalankhula, apo ananena zoona pang'ono. Tikafika pafiriji yoti tikonze, iwo ankaima kumbuyo kwanga manja ali m'thumba.

"Mukuona chiyani?"

Ine ndinkayamba kulakatula zonse za m'buku: mwina gasi watha, mwina kompuresa yopopa gasiyo yatopa, mwina magetsi sakufika bwino.

"Zonsezo n'zoona," iwo ankatero. "Buku lanu silinaname. Koma mwa zonsezo, firiji iyi ikudwala chiti?"

Ndiye ndinkagwada, n'kugwira mapaipi kuti ndimve lotentha ndi lozizira, n'kuyeza magetsi, n'kufunsa mwini wake kuti vuto linayamba bwanji. Ndikalakwitsa sankandiuza yankho. Ankangofunsa funso lina, mpaka ndidzigwire ndekha. Masiku oyamba zinkandipsetsa mtima. Ndinkafika kunyumba n'kuuza mayi kuti andipatsa munthu wouma mtima, wodziwa yankho koma wokonda kuona mnzake akutuluka thukuta. Mayi ankangoti, "Nanga akukutukwana?" Ndikati ayi, ankati, "Ndiye vala majombo akowo uzipita."

Munthu amene ndinkamuyesa wouma mtimayo ndinayamba kumudziwa Lachisanu. Kuseri kwa wekishopu kunali mtengo wa mapeyala ndi benchi yothyoka mwendo, yochirikizidwa ndi njerwa. Pamenepo ndiye panali pathu. Madala ankabwera ndi fulasiki ya tiyi imene akazi awo ankawakonzera, ine ndinkagula mandasi pageti. Ankayamba n'kundifunsa kuti sabata imeneyo chandivuta n'chiyani, ndipo sankatanthauza mafiriji okha. Ankafuna kudziwa amene wandiyankha mwano, ngati ndikumadya masana, ngati ndikumvana ndi dalaivala wa galimoto yathu. Nthawi zina ankandipempha kuti ndiwafotokozere zimene tinkaphunzira kusukulu za mitundu yatsopano ya gasi, ndipo ankamvetsera mutu uli chopendeka ngati mwana wa sukulu.

Lachisanu lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa chifukwa chimene anavomerera kunditenga, poti ndinamva kuti amisiri ena anakana.

Anamwa tiyi kaye. Kenaka anandiuza kuti anachokera kuchigwa cha Shire ali mnyamata, kudzafuna ntchito m'tauni, ndipo anayamba ngati wosesa pamalo ena okonzera mafiriji.

"Amisiri a nthawi imeneyo ankabisa ntchito, mwanangu. Munthu akafika pothira gasi ankakutuma kukagula fodya. Ukabwerako wapeza watha kale. Wina ankachita kutembenuka, kukupatsa msana, kuti usaone chimene zala zake zikuchita. Ine ntchito iyi ndinaiba ndi maso, ndipo inanditengera zaka zimene sizinayenera kutero. Ndiye mabwana atabwera ndi nkhani yoti tizitenga atsopano, ine ndinakweza mkono woyamba. Sindinafunse kuti andipatsa ndani."

Kenaka anaseka.

"Komabe sindinkayembekeza kuti akhala wa phazi laling'ono chonchi."

Tsiku limene sindidzaliiwala linali la m'nyengo yotentha, mvula isanayambe, pamene ngakhale mphepo ya kuphiri imabwera yofunda. Tinaitanidwa ku Ndirande kubutchala ina yaikulu. Chipinda choziziritsira nyama chinali chitasiya kuzizira, ndipo m'katimo munali ng'ombe zophedwa dzulo lake. Tinapeza mwini butchala ali pakhomo, bambo wonenepa wa epuloni yamagazi, akupukuta thukuta ndi kathaulo. Atationa anathamangira kwa madala n'kuwagwira dzanja.

"Mwandithandiza, akulu. Lowani msanga, nyama yanga ikupita."

Madala analoza ine. "Akonze ndi awa."

Bamboyo anandiyang'ana, n'kuyang'ananso madala. Anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona kuti palibe wina akuseka, nkhope inasintha.

"Ayi, akulu, tisaseweretse bizinesi ya munthu. Ine ndaitana mmisiri. Mwanayu akaphunzirire pafiriji ya kwawo."

Anthu odzagula nyama anali atasiya zogula n'kumamvetsera. Amayi ena ogulitsa tomato panja anasuzumira pakhomo. Ine ndinkangofuna nthaka itang'ambika. Ndinali nditayamba kale kubwerera m'mbuyo kuti ndiwapatse madala mpata.

Iwo anakoka kireti ya mabotolo imene inali pakona, anaitembenuza, n'kukhalapo.

"Bwana, kampani yakutumizirani mmisiri, ndi ameneyu. Ine ndangomuperekeza. Ngati simukumufuna, tibwerere, mudikire ena mawa. Koma nyama ikaonongeka iyeyu ataigwira ntchito, mudzafunse ine, osati iye."

Mwini butchala anapukutanso thukuta. Anayang'ana chitseko cha chipinda chija, n'kuyang'ana ine. Kenaka anangokweza manja m'mwamba n'kupatuka panjira.

Ndinalowa. M'katimo munali fungo la nyama yoyamba kufunda. Mafeni ankazungulira, kompuresa kunja inkalira, koma mphepo yotuluka inali ngati ya m'minibasi. Ndinamangirira mageji oyezera gasi, ndipo anandionetsa kuti gasi watsala pang'ono kutheratu. Kuthira wina kunali kosavuta, koma ndinadziwa kuti ngati watuluka ndiye kuti pali pamene akutulukira. Ndinapempha sopo ndi madzi. Wantchito wina wa pabutchalapo anandibweretsera m'kabakuli, akumwetulira ngati akuti tione. Ndinayamba kupaka thovu polumikizira mapaipi paliponse, kunja, kenaka m'kati, nditakwera pamakwerero pakati pa miyendo ya ng'ombe yolendewera. Ndinapaka, ndinapaka, osaona kanthu. Ndinasuzumira pakhomo kuti mwina madala andipatsa chizindikiro. Anali akucheza ndi amayi a tomato aja za mitengo ya kabichi, osayang'ana n'komwe kumene ndinali.

Ndinabwerera pamakwerero. Kuseri kwa feni kunali kapaipi kena kobisika, kokhudzana ndi chitsulo. Ndinalowetsa dzanja n'kupakapo thovu. Linatupa pang'onopang'ono, n'kuphulika, n'kutupanso.

Ndinayatsa moto n'kuwotcherera pabowo limene thovu linandionetsa. Nditatseka bowolo ndinakokamo mpweya wonse, ndinathira gasi, n'kuyatsa. Tinatseka chitseko n'kudikira. Mwini butchala anaima pafupi nane, tonse maso ali pakawotchi kosonyeza kuzizira. Kwa kanthawi sikanasunthe. Kenaka kanayamba kutsika.

Bamboyo anatsegula chitseko, analowetsa mutu, n'kuutulutsa akuseka.

"Amayi inu! Iii, amayi inu!"

Anatuluka panja n'kuyamba kuuza aliyense wodutsa kuti abwere adzaone. Amayi a tomato aja analuluta ngati pachinkhoswe. Ine ndinkalongedza zida nkhope ili pansi, koma m'katimu ndinkavina.

Tinakwera galimoto. Titadutsa msika madala anati, "Mwagwira bwino. Koma mwaiwala ziwiri." Ndinali nditasiya kachitsekerero kena kosamanga, ndipo iwo anakamanga mwakachetechete ine ndikusamba m'manja. Chinanso, sindinamufotokozere mwini butchala chimene chinaboola paipi, kuti adziwe choyang'anira.

"Kasitomala ukamusiya mumdima, mawa aitana wina woti amunamize. Mawa m'mawa mumuimbire foni."

Ndinafunsa kuti bwanji sanandiuze pomwepo.

"Pamaso pa anthu aja? Kuti chimene mwamanga ndigumule ndine?"

Patapita miyezi ingapo madala anakauza mabwana kuti ndakhwima. Ndinayamba kutumidwa ndekha, ku Bangwe, ku Machinjiri, mpaka kunja kwa mzinda. Mwalamulo dongosolo lathu linali litatha, koma Lachisanu ndikakhala pafupi ndinkapitabe pabenchi paja, ndipo ndinkapeza kapu yachiwiri ilipo.

Ndinakwatiwa, ndipo nditakhala ndi pathupi pa mwana wanga woyamba ndinamva mphekesera kuti mabwana akufuna kundisamutsira kosungira katundu, ndizikawerenga mabawuti, osadzabwereranso kumafiriji. Ankati n'kundichitira chifundo. Ndinapita kwa madala misozi ili m'maso, ndinawapempha kuti akandilankhulire kwa amanijala, poti iwo ankawamvera.

"Ndikhoza kupita," anatero. "Andimvera. Koma ine ndatsala pang'ono kupuma ntchito. Nanga pamimba yachiwiri adzakulankhulireni ndani?"

Ndinakwiya. Ndinawauza kuti ngati sakufuna angonena.

"Mupite nokha. Ine ndikakhala pampando wa pambali. Tiyeni tiyesere pompano. Ine ndine manijala, lowani."

Tinayeserera pansi pa mtengo wa mapeyala uja, iwo atakhwinyata nkhope ngati bwana, akundidula mawu dala, ine ndikuyambiranso. Anandiletsa kupepesa. Anati sindinalakwe kanthu, ndiye mawu oti pepani asatuluke m'kamwa mwanga.

Lolemba tinalowa muofesi. Ndinawauza amanijala kuti sindikupempha chifundo. Ndinati miyezi yotsalayo ndikhoza kukonza mafiriji ang'onoang'ono muwekishopu, osakwera padenga kapena kunyamula masilinda a gasi, ndipo ndikabwerako kochira ndikufuna kubwerera pagalimoto. Amanijala anatembenukira kwa madala kuti amve maganizo awo.

"Ine ndilibe mawu, bwana. Anena okha."

Amanijala anakanda m'mutu, n'kuvomera. Pambuyo pake zimenezi zinasanduka lamulo la pakampani, moti akazi amene anabwera m'mbuyo mwanga sanafunikenso kukapempha.

Madala anapuma ntchito mwana wanga akuyamba kuyenda. Patapita zaka zingapo anandikweza kukhala woyang'anira gulu, ndipo nanenso ndinayamba kupatsidwa anthu. Woyamba anali bambo wa ku Bangwe, wamkulu kwa ine, amene anakhala akukonza mafiriji pamsika kwa nthawi yaitali asanalembedwe kwathu. Manja ake ankadziwa zambiri, koma ankachita manyazi kufunsa, makamaka kufunsa mkazi. Tinavutana poyamba. Chinatigwirizanitsa n'choti ndinamupempha andiphunzitse m'mene amatsitsimutsira mafeni akale amene ife tinkangotaya. Atandiphunzitsa chimenecho, nayenso anayamba kufunsa zake. Lero ali ndi galimoto yake ndi gulu lake. Anadza ena pambuyo pake, mwa iwo atsikana amene tsopano amakwera padenga la shopu anthu m'munsi akuloza.

Nthawi ina kampani inasintha mabwana, ndipo atsopanowo anafuna kuthetsa dongosololi. Ankati masana a Lachisanu akungotayika, anthu akumwa tiyi ntchito ili mbwee. Pamsonkhano ndinaimirira. Sindinanene zambiri. Ndinangopempha kuti aliyense amene anadutsa m'manja mwa mmisiri wina pakampanipo aimirire. Anaimirira pafupifupi onse, ena a imvi kale. Ndinawauza mabwanawo kuti anthu amenewa ndi amene makasitomala amachita kuwatchula poimba foni, ndipo sanachoke kupita kumakampani ena ngakhale anakopedwa. Bambo wa ku Bangwe uja anawonjezera kuti iye akanapanda Lachisanu akanabwerera kumsika mwezi woyamba. Dongosololo lilipo mpaka lero.

Chaka chatha, Loweruka lina m'mawa, foni yanga inalira. Anali madala. Chipumireni ntchito amakonza mafiriji a anthu a m'dera lawo, kuti manja asaume.

"Mwanangu, muli pafupi? Ndakumana ndi chilombo kuno."

Ndinakwera minibasi ya ku Chilomoni, n'kutsika pamene msewu wa tala umathera, kotsalako ndinakwera phiri wapansi. Ndinawapeza pakhonde la nyumba yawo, atavala malaya oyera poti anali atangochoka kumisa ya m'mawa, magalasi ali pamphuno. Pambali pawo panali firiji yatsopano yonyezimira, ya mphunzitsi wina woyandikana nawo nyumba, amene nayenso anali pomwepo nkhope ili yankhawa. Inali ya mtundu wa masiku ano, yoyendetsedwa ndi kabolodi ka magetsi, ndipo kanyali kake kankangophethira.

"Gasi alimo, kompuresa ndi yamoyo, koma sikudzuka," anatero madala. "Izi zinabwera ine nditachoka. Ndiphunzitseni."

Ndinafuna kungoikonza msanga kuti ndisawachititse manyazi pamaso pa mnzawoyo. Nditatenga sikuludiraiva madala anandigwira mkono.

"Ayi. Sindinati mundikonzere. Mukapita, ibwera ina."

Ndiye ndinawapatsa chida choyezera magetsi, ine n'kukhala pampando. Ndinawafotokozera kuti kuphethira kwa kanyaliko n'kulankhula, kuti firijiyo ikunena yokha pamene pakupweteka. Ndinawalozera poyeza. Zala zawo zinali zitayamba kunjenjemera ndi ukalamba, ndipo kawaya kankawapulumuka, koma anakana kuti ndiwagwirire. Anayeza apa, anayeza apo, akufunsa mafunso ambirimbiri, ena mpaka ine kuima kaye kuti ndiganize. Dzuwa litafika pamutu anapeza okha kachipangizo kamene kanapsa magetsi atabwera mwamphamvu. Ndinali nako kena m'chikwama. Anakalumikiza okha, lilime lili kunja pang'ono, ndipo firiji inadzuka.

Mphunzitsi uja anawomba m'manja n'kufunsa ngati ndine mwana wawo.

"Ameneyu ndi bwana wa amisiri kutauniko," anatero madala. "Ndikakanika, ndimaitana iyeyu."

Akazi awo anatuluka ndi mbale ya mbatata yophika ndi tiyi, ndipo anandikalipira kuti ndaonda, ndikugwira ntchito mopitirira muyeso. Tinadya pakhondepo mzinda wonse ukuoneka m'munsi. Madala anafuna kudziwa za aliyense wa kuwekishopu, amene anakwatira, amene anamwalira, amene akuvutabe ndi mowa. Pochoka anandiperekeza mpaka pamsewu, akuyenda pang'onopang'ono pamiyala. Minibasi itaima anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri n'kundithokoza m'chilankhulo cha kwawo kuchigwa, "Takhuta."

Kondakitala anali akumenya kale chitseko kuti tizipita. Ndinakwera, ndinakhala pawindo, ndipo Lolemba lake ndinafika kuntchito anthu akundifunsa kuti kodi ndatola chiyani kuti ndizingomwetulira chonchi.